Nkhope Yopita Nayo ku Rivirivi

LOLEMBA

Dziko likhale chete, amene ali ndi wailesi azimitse. Ine, mwamuna amene ndinamaliza Sitandade 5 aphunzitsi akulira, mlimi wa thonje wopuma pa ntchito, mlangizi wa maboma onse amene sanabwere kudzandifunsa, munthu amene ndikapanda kufika pa sadaka mpunga sukoma, lero ndatsegula kope. Anthu otchuka mbiri yawo imalembedwa atafa. Yanga ndiyambiretu ndekha. Abale angawa akhoza kusiya zofunika.

Nkhani ndi iyi. Loweruka lino ndikukaonekera ku Rivirivi, kwa abale a Abiti Kassimu. Abiti: amuna awo anamwalira, dimba la tomato m'mbali mwa mtsinje, nyumba yamalata, mano onse ali m'malo mwake. Tinaonana pa sadaka miyezi inayi yapitayo. Anandifunsa zaka, ndinati ndalumpha makumi asanu. Sindinaname. Ndinalumphadi. Kungoti ndi kale.

Ineyo, mayi a kunyumba atatisiya, akuchikazi anandiperekeza kwathu kuno ku Chikweo ndi mkeka wanga ndi ulemu wonse, monga mwa mwambo. Ndikukhala kwa achemwali anga, m'kachipinda kakuseri, ine ndi matumba a makaka. Ku Rivirivi akandilola, ndatuluka muno. Akandikana, ndifera pa chinangwa chouma.

Tsono nkhope!

Mwezi wachitatu uno. Masaya psuu, otupa ngati ndabisamo mandasi. Chibwano kuyabwa. M'mbali mwa makutu kusenda, pena kutuluka timadzi. Ndikamwetulira pakung'aluka. Nanga munthu wofunsira banja osamwetulira? Adzayesa ndabwera kudzanena za maliro.

Mayina amene matendawa apatsidwa kufika lero:
achemwali: ukalamba
a Shehe: mayeso ochokera kwa Mulungu
mkamwini wa nyumba yachitatu: mphere (ali nazo ndi iyeyo)
mayi wogulitsa matemba: ati ndinadya mlamba wa ku Chiuta ndili wokwiya

Madokotala onsewa, kupatula a Shehe, palibe anaonapo khomo la Sitandade 3.

Ndondomeko:
1. Dzina lenileni la matenda, lachizungu, lalitali, pofika Lachitatu.
2. Mankhwala Lachinayi.
3. Lachisanu kusalala.
4. Loweruka Abiti kukomoka.

Pakadali pano ukhondo sindisiya. M'mawa uliwonse sopo ndi madzi. Kenaka kutseka chitseko, kusungunula kadayi kanga kakuda ka m'mapaketi m'chivindikiro cha botolo, n'kupaka ndevu ndi m'mbali mwa makutu ndi mswachi wakale. Ndinayamba dzulo lake la sadaka ija, nditamva kuti kubwera azimayi a ku Balaka. Ndevu zanga zimamera ngati bowa, mizu yoyera imasuzumira tsiku ndi tsiku, ndiye kupaka n'kosalumphitsa. Palibe akudziwa. Mwamwayi dayi yemweyu akubisanso zilonda za pachibwano, ndiye masiku ano ndikumapaka mochulukirapo. Nzeru sagula.

LACHIWIRI

Kachipatala kathu. Ndalawirira, koma mzere wafika kale pa mtengo wa mango. Amayi oyembekezera, amayi a sikelo, ana olira mosinthana ngati anapangana. Amuna tilipo awiri, ine ndi mlonda.

Pa benchi malo apezeka msanga. Anthu akundipatsa ulemu wa mikono iwiri uku, iwiri uko. Mwana wina wandiyang'ana n'kusiya kuyamwa.

Kulowa. Adokotala ndi bambo wotopa ngati ng'ombe ya pangolo, maso pa kabuku.

"Mukumva chiyani, bambo?"

Nkhope yonseyi ili patsogolo pawo ngati chikwangwani cha pamsewu, akufunsa ndikumva chiyani!

Andibaya chala. Kuyeza malungo. Ndati, achimwene, udzudzu wake ndi wa khama lotani woluma masaya okhaokha miyezi itatu? Malungo mulibe. Zikomo kwambiri. Tatsala ndi matenda ena onse a padziko lapansi.

"Mumadzola chiyani kumasoku?"

"Madzi ndi sopo."

Nanga ndinene chiyani? Namwino waima pomwepo, yemwe amatunga pa mjigo umodzi ndi achemwali. Za m'chipinda cha mwamuna zikafika pa mjigo, pofika masana zili ku Nayuchi.

Zotsatira: panado ndi kakalata. Ati odziwa za khungu amapezeka kuchipatala chachikulu, Lachisanu lokha. Lachisanu! Ngati khungu limawerenga kalendala.

Dzina la matenda alemba m'kabuku. Ndatembenuza kabukuko mbali zonse zinayi. Nkhuku itaponda inki ikanalemba zomveka.

Achemwali: "Nanga akuti chiyani?"

Ndati akuti ndi matenda a anthu oganiza kwambiri.

"Ndiye agwira munthu wolakwika."

Mimba imodzi tinabadwa ife. Mulungu amadziwa chifukwa chake.

LACHITATU

Tsiku la msika. Sindingakhale phee kudikira Lachisanu ngati mbuzi ya pa Idi.

Dokotala woyamba: wa chimkuzamawu, mabotolo ataandalika pa lona. Botolo limodzi lomwelo likuchiza shuga, bipi, msana, kusabereka, mwamuna wothawa pakhomo ndi nsabwe za nkhuku. Wandiona patali. Wakuwa msika wonse ukumva: "Bwerani mudzaone, abale! Adadawa akanamwa msanga sakanafika apa!"

Ndasanduka chitsanzo. Anthu akulimbirana mabotolo chifukwa cha nkhope yanga, mwini nkhope osapatsidwa ngakhale chivindikiro. Mbava!

Wachiwiri: sing'anga wa kuseri kwa chigayo. Akuyang'ana m'kagalasi kake, osati pa ine. "Pali mwamuna wina akufuna mkazi yemweyo."

Eya! Uyu yekha ndiye anaphunzira. Nanga munthu ngati ine ndingadwale matenda wamba? Ndi nsanje basi. Ndikumuona mdaniyo m'maganizo: wamfupi, wa njinga yopanda mabuleki.

Wandipatsa masamba a nimu, phulusa la chigoba cha nkhono ndi mafuta a nsatsi. Kusinja, kusakaniza, kumata kumaso, kukhala padzuwa moyang'ana ku Balaka.

Masana. Ndamata. Ndakhala padzuwa kuyang'ana ku Balaka, kapena kumene ndikuganiza kuti ndi ku Balaka.

Poyamba: kuzizirira bwino.
Kenaka: nyerere.
Kenaka: linthumbu.
Kenaka: uvuni wa njerwa!

Liwiro la ku mjigo. Amayi mbwee, kusiya zidebe. Wina watchula dzina la Mulungu m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe, kuopa kuphonya.

Madzulo. Diso lakumanzere latsekeka theka. Kumzikiti a Shehe akundiyang'anitsitsa potawaza. "Akulu, madzi azilowa m'ndevu. Si kungozisisita ndi chala ngati mwana wa mphaka." Iwo sadziwa kuti madzi akachuluka ndevuzi zimachucha. Aliyense ali ndi mayeso ake.

Ndondomeko yasintha pang'ono. Nambala 1 mpaka 3 zichitike zonse Lachisanu. Nambala 4 ili pomwepo.

LACHINAYI

Ulendo wa ku Balaka, kukagona kwa Asiyatu, mwana wa achemwali, amene amagulitsa zitenje kumeneko. Kuchoka kwa iye, kuchipatala chachikulu n'kufupi, ku Rivirivi n'kufupinso. M'chikwama: mkanjo woyera wa Loweruka, kofiya, kabuku, mswachi wa mano, mswachi winawo.

Wakabaza wandipempha kuti ndisamugwire m'chiuno. Msewu wake umenewu! Ndagwira mpweya.

Minibasi. Kondakitala amene amapanikiza anthu anayi pa mpando wa atatu lero wandisiyira mpando wonse. Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna ulemu wotere. Pa Liwonde gogo wina wakwera, wandiyang'ana, watsika.

Asiyatu pondiona: "Amjomba! Mwagwera pa mbaula?"

Mwana amene ndinamugulira yunifomu yoyamba.

Wandijambula pa foni mbali zitatu ngati wakuba njinga. Ati atumiza ku gulupu ya banja ya pa Watsapu, mwina wina adziwa. Banja lathu! Anthu amene sagwirizana ngakhale tsiku lolambula kumanda.

Mayankho ola lisanathe:
wa ku Joni: mashingozi
wa ku Lilongwe, amene amasesa m'sitolo ya mankhwala: khansa, apo ayi ziphuphu
apongozi a Asiyatu: khate, apatsidwe kapu yawoyawo
msuweni wa ku Mangochi: kachithunzi ka manja opemphera, kasanu ndi kawiri
wina amene palibe akumudziwa: "Pepani nonse, tiika liti?"

Tiika liti! Ndauza Asiyatu amuyankhe kuti malemu akumwa tiyi, adikire amalize.

Asiyatu nayenso wayamba: "Koma amjomba, ndevuzi zikuda bwanji chonchi pomwe nsidze zili mbuu?"

Ndati ndi mtundu wathu.

"Mtundu wake ndi womwe ndili inewu."

Ana a masiku ano. Sukulu inawaonjezera pakamwa pokha.

Madzulo, tsoka. Chithunzi chafika ku Rivirivi. Watumiza ndani? Aliyense akukana. Abiti atumiza mawu pa foni ya Asiyatu, ndamvera kanayi:

"Pepani ndi matenda. Nanga Loweruka lilipobe? Amjomba anga a Che Amidu afika kale kuchokera kumudzi. Sangadikire sabata ina, anasiya mbuzi."

Lilipo! Ndayankha ndekha, ndi mawu a mnyamata, nditakoka mimba. Asiyatu ati pa foni mimba sioneka. Mawu amamveka kuti mwini wake wakoka mimba, iye sadziwa.

LACHISANU

Ndapaka dayi kawiri, wa lero ndi wa mawa. Kuchipatala chachikulu munthu amapita ali waudongo.

Mzere wa khungu uli kuseri, pafupi ndi kochapira. Kunotu ndiye kuli anzanga! Wa zipere, wa mphere, wa miyendo yonga khungwa la mbawa. Palibe wothawa mnzake. Tikuyang'anana ngati ogula ng'ombe. Bambo wina wagwedeza mutu: "Yanuyi ndiye yapambana, akulu." Pamapeto pake wapezeka wozindikira.

Adokotala a khungu ndi mayi wa magalasi, msinkhu wa Asiyatu. Kabuku sakuyang'ana. Akuyang'ana ine, nthawi yaitali, ndi katochi, kutembenuza chibwano uku ndi uku ngati akusankha papaya.

"Zapamwambazi mwadziwotcha nokha chaposachedwa, sindifunsa kuti ndi chiyani. Koma zakalezi zili modutsa ndevu ndi m'mbali mwa makutu basi. Pamphuno palibe, pachipumi palibe. Mumapaka chiyani, bambo?"

"Madzi ndi sopo."

Atenga thonje, anyowetsa, apukuta pachibwano kamodzi kokha. Thonje bii! Ine amene ndalima thonje moyo wanga wonse, kulipalira, kulipopera, lero landipereka.

"Sopo wake ndi wakuda?"

Ndati mwina ndi utsi wa minibasi. Namwino watulukira panja mapewa akugwedezeka.

Dzina lilipo. Lachizungu, lalitali, mawu atatu, monga momwe ndinkafunira. Ndawapempha alitchule kawiri, ndaliiwala kawiri. M'Chichewa chake: khungu langa likudana ndi dayi. Basi! Palibe mdani wa njinga, palibe nsanje, palibe mlamba. Miyezi itatu ndakhala ndikudzilodza ndekha m'mawa uliwonse, chitseko chotseka, ndi mswachi.

Chigamulo:
dayi atayidwe lero
ndevu zonse zichoke, kuti kirimu azifika pakhungu
kirimu kawiri pa tsiku, ndi timapiritsi ta kuyabwa
nimu, nkhono ndi abale awo onse, iyayi
kusintha kudzaoneka bwino pakatha sabata ziwiri

Sabata ziwiri! Mbuzi za a Che Amidu sizidikira sabata ziwiri.

Ndati, adokotala, mawa ndili ndi msonkhano waukulu wa chitukuko. Bwanji ndipake komaliza, mawa lokha?

"Pakani. Mkuja adzakubweretsani atakugwirani dzanja, maso onse atatsekeka. Bedi tikusungirani."

Mtima wa mwala. Amene anakwatira mayi ameneyu sanama kawiri.

Swala ya Ijumaa ndapemphera mzere wakumbuyo kwenikweni, kutsanzikana ndi ndevu. Kenaka kometa. Wometa wavala majumbo m'manja ngati akugwira nyama ya galu. Sizasi, kenaka makina, pang'onopang'ono. Ndevu zagwa pansi zakuda bii, zokongola, zachinyamata. Pagalasi patsala munthu wina: mdala wa chibwano chonga thumba lopanda kanthu, timizu toyera, ndi chipsera cha pansi pa mlomo chimene ndinachiiwala kalekale, cha pomwe ndinagwera pa chitsa ndili mnyamata. Ndamupatsa moni mdalayo. Nayenso sakundifuna.

Kofiya ibisa mutu. Chibwano chilibe kofiya yake. Amene adzayambe kusoka adzatchuka.

LOWERUKA

Rivirivi. Ankhoswe anga enieni onse ali kumanda, ndiye ndabwereka mwamuna wa Asiyatu pamodzi ndi jekete lake. Asiyatu watsatira, ati kudzanyamula chikwama. Bodza, wabwera kudzaonera.

Kirimu mbuu m'masaya ngati ndachokera kuchigayo.

Dimba ndaliona ndi diso limodzi ndi theka. Tomato, abale! Nyumba yamalata, khonde la simenti, mawindo a magalasi. Ndasankhiratu pomwe ndizidzakhala masana.

Atiyalira mkeka pansi pa bwemba. Abiti ali pakhonde ndi azimayi anzawo, aphimba kumaso ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Ndi manyazi, ndithu.

Atulukira a Che Amidu, mwini mbumba. Mdala weniweni: ndodo, dzino limodzi, ubweya m'makutu. Ndati chamumtima, pafupi ndi awa ine ndine mwana wa sukulu.

Moni, moni. Mwamuna wa Asiyatu wayamba bwino: tabwera kudzapempha malo, munthu wathu ndi wa zaka makumi asanu ndi kachidutswa, wolimbika pa khasu, samwa, sasuta. A Che Amidu sakumvera. Akundiyang'ana pachibwano. Asendera. Asenderanso. Aloza chipsera ndi ndodo.

"Ichi si cha pa chitsa cha ku ndagala? Ku Chikweo?"

Ku ndagala, kumsasa wa jando!

"Alombwe anga! Ndinu! Munagwa mukundithamangitsa nditathawa tsiku lachiwiri!"

Ka Amidu! Kamwana kolira kaja, kamene kanakulira kwathu kwa bambo ake. Ndipo lombwe ndi wamkulu, wovinidwa kale, amene amasunga mnamwali kumsasa. Wamkulu. Pabwalopo aliyense akudziwa zimenezo, ndi nkhuku zomwe.

Mdala waponya ndodo, wandikumbatira, akulira, kirimu yense wathera pa malaya ake. Za kumsasa sanena pali azimayi, ndipo sanapitirize nazo. Walengeza msinkhu wanga wokha. Ati ine ndinkamubereka kumsana. Ati ine ndinali kale ndi tindevu iye asanadziwe kumanga kabudula.

"Ana inu, gwadani! Awa ndi akulu kwa ine!"

Agwada. Onse. Ndi Abiti omwe. Mwamuna wa Asiyatu akuyang'ana m'jekete ngati muli khomo lotulukira.

Miyezi itatu ya ululu kubisa zaka, munthu wa dzino limodzi waziwerenga pa mphindi imodzi. Ndevu zikanakhalapo sakanachiona chipseracho. Dokotala ujatu ndiye wandiphera ukwati.

Pamenepo ndaimirira. Ndakonza mkanjo. Ndalankhula ngati pa wailesi: kuti munthu wa msinkhu wanga sangalowe m'mbumba ya mwana amene anamupukuta mamina, kuti ulemu wanga sulola, kuti tomato wanu khalani naye. Abiti agwetsa misozi, ati ganizaninso. Ndati iyayi. Ndatembenuka, ndayenda osacheuka mpaka pamsewu.

Ndakana ndine. Zilembedwe.

LAMULUNGU

Chikweo. Kachipinda kali momwe ndinakasiyira. Achemwali sanafunse kanthu, kusonyeza kuti Asiyatu waimba kale. Andiikira madzi osamba, andiyang'ana nthawi yaitali.

"Nkhope iyi ndiye ndikuidziwa. Ndi ya bambo athu."

Lero pakamwa pali pa tchuthi.

Masaya: kuyabwa kwachepa. Diso latseguka. Timadzi tauma. Mayi wa magalasi uja ntchito amaidziwa, ndipo sindidzamukhululukira. Sabata ziwiri zikubwerazi ndidzakhala wosalala ngati khanda, wopanda kopita nayo nkhopeyo.

Mapaketi otsala ndaponya m'chimbudzi. Mphemvu za m'menemo zikhale zachinyamata.

A Che Amidu atumiza mawu kuti ndikacheze kwawo mvula isanayambe, tikakumbutsane zakale. Ati malo ogona alipo, pafupi ndi khola.

Kope ili ndi langa, palibe wina awerenge, ndiye ndikonze malo amodzi. Zonse ndalemba sabata ino n'zoona. Koma zadzulo zoimirira n'kulankhula ngati pa wailesi, ndapeka. Anakana ndi a Che Amidu, akulirabe. Ati mkamwini amatumidwa: kukonza nkhokwe, kufolera khola, kukumba chimbudzi. Iwo angatume bwanji alombwe awo? Bola kufa. Mbumba yonse inavomera kuti ulemu wanga ndi waukulu kwambiri, sungakwane pamudzipo.

Ine sindinalankhule. Sindinaimirire n'komwe. Tinakhalitsa pamkeka paja, mawondo anauma gwa. Anthu atabalalika anabwera ndi Abiti, okha. Anandigwira m'khwapa n'kundidzutsa, n'kundipatsira jumbo ya tomato m'manja.

"Pang'onopang'ono, agogo," anatero. "Pali mwala apo."